Kuyamwitsa pa Belu

Pasukulu imene amuna anga ankaphunzitsa, m'mapiri a ku Ntchisi kupitirira pang'ono pa Kasakula, belu linali chitsulo cha gudumu la lole chopachika pamtengo wa mkuyu. Linkalira m'mawa ana akamalowa, linkalira pa buleki, linkaliranso poweruka. Masiku ena linkalira kachinayi chakumadzulo, kuitana amayi a chipani kuti akayeserere magule. Belu limenelo sindiliiwala, chifukwa kwa masabata angapo anthu ophunzira anagwirizana kuti mimba ya mwana wanga izimvera chitsulo chimenecho.

Ine sukulu sindinapite nayo patali. Amayi anamwalira ndili ndi masiku ochepa, abambo anatsatira ndisanayambe kuyenda, ndipo anandilera ndi agogo, amayi awo a amayi, kwathu ku Bowe. Mwana wamasiye pamudzi ali ngati khasu lobwereka. Kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mayi aliyense akabereka ankatumiza mawu kwa agogo kuti andibwereke ndikhale mlezi. Ndinabereka kumsana ana ambiri, ena lero ndi akuluakulu ndipo sandipatsa n'komwe moni. Ntchito ya mlezi ndi maso. Umayang'ana milomo ya khanda ikayamba kufunafuna, kadzanja kakapita kukamwa, mutu ukamatembenukira uku ndi uku, ndiye umathamanga nalo kumunda kwa mayi ake lisanalire, chifukwa likalira wokalipidwa ndi iwe. China chimene ndinaphunzira ndi kukhala chete. Pakhomo pa eni, mwana wopanda make akatsegula pakamwa amafunsidwa kuti wakhuta chiyani.

Nditakwatiwa ndi mphunzitsi, anthu a kwathu anati ndatola chikwama, nanenso ndinavomereza. Ananditenga kukakhala kunyumba za aphunzitsi, mzere wa nyumba zinayi, ya ahedi yokha ndiyo ya malata. Amuna anga sanali munthu woipa. Ankangokhulupirira kuti chilichonse cholembedwa ndi lula n'choona.

Mwana wathu woyamba, wamwamuna, anabadwa m'nyengo yozizira, anthu akukumba mtedza. Ankayamwa monga amayamwira makanda onse amene ndinawaonapo. Kuyamwa, kugona pang'ono, kudzuka, kuyamwanso. Nthawi zina ankagona mpaka ine kusesa, kutsuka mbale ndi kukatunga madzi. Nthawi zina ankadzuka ndisanamalize n'komwe kusenda mbatata imodzi. Dzuwa likapendeka ankakakamira pabere ngati nkhupakupa, kusiya, kudandaula, kubwereranso, mpaka mdima. Usiku ankadzuka katatu kapena kanayi. Matewera ankanyowa pafupipafupi, ndipo ndinkachapa mtima uli m'malo, poti mlezi aliyense amadziwa kuti zotuluka ndizo umboni wa zolowa.

Amene sanakhale mtima m'malo anali bambo ake.

"Kodi mwanayu sakhuta?" anafunsa tsiku lina akumanga tayi. "Dzulo ndalakwitsa samu pabolodi, ana n'kundikonza. Ine munthu wa Sitandade 6! N'tulo timeneti."

Anakadandaula kwa ahedi, ahedi anauza akazi awo, ndipo ndi mmene nkhani ya mabere anga inasandukira nkhani ya sukulu.

Akazi a ahedi anali wapampando wa amayi a chipani m'dera lonselo, moti aliyense ankawatchula kuti amayi atcheya. Anachitako kosi ya zapakhomo ya miyezi itatu ku boma, kumene anabwerako ndi setifiketi, makeke amene munthu sankapempha kachiwiri, ndi wotchi yapamkono. Wotchiyo ankaiyang'ana ngakhale wina akawapempha mchere. Ana awo anali akuluakulu kale. Pambuyo pake ndinamva kuti onsewo anawayamwitsa ngati mayi wina aliyense, kosi isanawapeze.

Anafika kwathu masana ena, mwana ali ndi masiku khumi, mchombo utangogwa. Mphasa anaikana, amuna anga n'kuthamangira mpando.

"Wayamwa nthawi yanji?" anandifunsa, maso ali pamkono.

"Posachedwapa, mayi."

"Posachedwapa si nthawi. Nanga panopa akutani pamenepo?"

"Akuyamwa."

"Mwaona, aphunzitsi?" Anatembenukira kwa amuna anga, ngati kuti mabere ali ndi iwowo. "Mwana si mbuzi. Mbuzi ndiyo imayamwa paliponse pamene yaganizira. Mimba ya mwana imafuna kupuma. Maola anayi, kenako bere. Mphindi khumi uku, mphindi khumi uku, basi. Usiku azigona. Akalira, alire, mapapo akule. Mwambo umayambira pabere. Mukamulekerera chonchi, mawa ndi amene azidzagenda aphunzitsi."

"Komatu si kulakwa kwawo," anatero amuna anga, poganiza kuti akunditeteza. "Anakula opanda amayi."

"Ndi chimenechotu. Analibe wowalangiza."

Ine ndinali nditabereka makanda ochuluka kuposa amene amayiwo anawagwirapo chibadwire. Ndinati, "Zikomo, mayi."

Madzulo omwewo amuna anga anabwera ndi chipepala chachikulu cha kusukulu. Anakhala patebulo ndi lula, n'kujambula mizere, masiku pamwamba, nthawi m'mbali, mutu wake ndi inki yofiira. Wotchi m'nyumba mwathu inali imodzi, yawo, ndipo inkapita nawo m'kalasi, choncho anakonza kuti masana ndizimvera belu. Mwana aziyamwa kasanu: bambo ake akadzuka, pa belu la buleki, pa belu loweruka, dzuwa likamalowa, ndi pogona. Chipepalacho anachikhoma pakhoma pafupi ndi chithunzi cha Mtsogoleri, ndipo mwana akayamwa pa nthawi yake ankachonga m'kabokosi, mmene ankachongera makope a ana.

Ndinamvera masiku atatu. Pa masiku atatu amenewo ndimadzinyoza kuposa mmene ndimanyozera wina aliyense m'nkhaniyi, chifukwa enawo sankadziwa, pamene ine ndinkadziwa. Koma ndinali ndi mantha awiri. Oyamba, kubwezedwa ku Bowe ndi mtolo pamutu. Achiwiri anali mantha a aliyense m'zaka zimenezo. Kutsutsana ndi amayi atcheya pa nkhani ya mchere kunkatha kusanduka kutsutsa chipani, ndipo munthu wotsutsa chipani sankafunsidwa ngati anayambira pa mchere.

Tsiku loyamba mwana analira mpaka mawu kusasa. Ndinkazungulira naye nyumba, bulawuzi itanyowa, mabere atalimba ngati mapapaya osapsa, khutu lili kumkuyu. Belu likalira ankagwira bere mwaukali, kutsamwa, kusiya, kulira, ndipo asanakhazikike mphindi zake zinali zitatha. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Tsiku lachitatu anakhala chete. Anagona kuyambira m'mawa, belu la buleki linalira iye osagwedezeka. Thewera linali louma, kupatula kadontho kamodzi kachikasu kwambiri. Milomo inauma. Nditaika chala paliwombo ndinamva kuti palowa pang'ono.

Amuna anga anathamangira kunyumba pa buleki kudzachonga. Anaima pakhomo n'kutchera khutu.

"Mwamva? Zii! Waphunzira msanga mwanayu. Watengera ine."

Kukhala chete koteroko ndinali nditakuonapo. Ku Bowe ndinalerapo khanda lina limene mayi ake anadwala n'kulephera kuliyamwitsa. Nalonso linasiya kulira, ndipo sindinalibereke nthawi yaitali.

Atangobwerera m'kalasi, ndinanyamula mwana n'kulowa naye m'bafa, kampanda ka udzu kuseri kwa nyumba, kumene khonde la amayi atcheya silinkaonako. Ndinakhala pamwala wosambirapo. Ndinamupukuta kumaso ndi chala chonyowa, n'kufinyira mkaka pamilomo yake. Ananyambita. Ndinafinyanso. Patapita nthawi anagwira bere, mofooka, kukoka katatu n'kupuma, kukoka katatu n'kupuma. Tinakhala m'menemo, m'fungo la mikodzo ndi sopo, mpaka belu loweruka. Kenako ndinatuluka, n'kukhala pakhonde, n'kumuyamwitsanso poyera kuti bambo ake achonge. Mawa lake matewera anayambiranso kunyowa.

Ndi mmene ndinakhalira mbala. Ndinkaba mkaka wanga womwe kupatsa mwana wanga yemwe. Ndinkabera m'bafa, kuseri kwa nkhokwe, m'khitchini utsi uli tolo, panjira ya kuchitsime. Ndinkamubereka chakutsogolo n'kumufunditsa chitenje china, ndikafunsidwa ndinkati mphepo ya m'mapiri muno si yabwino kwa khanda. Usiku ndiye kunalibe vuto. Amuna anga, ndi lula wawo yense, mwambo wa makolo wogona padera mwana ali wakhanda ankausunga ndi mantha. Iwo ankagona pabedi, ine ndi mwana pamphasa. Mwana akangogwedezeka ndinkamupatsa bere asanalire, ndipo bambo ake ankakauza anzawo kuti mwana wawo amagona usiku wonse. Amene ankagona usiku wonse analipodi m'nyumbamo.

Mwana ananenepa. Tsiku la sikelo, anamwino atabwera ndi galimoto pansi pa mkuyu, anamupachika pasikelo n'kunena kuti akukula bwino. Amayi atcheya analanda khadi m'manja mwanga n'kulikweza m'mwamba.

"Amayi, onani! Kasanu basi pa tsiku. Onani masayawa. Uyu ndi mwana wa dongosolo."

Amayi a m'midzi yozungulira, ena a ana asanu ndi awiri, anayang'ana masayawo, n'kundiyang'ana ine, n'kuti, "Eee, zoonadi, mayi." Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakhulupirira, ndipo panalibe anatsutsa. Ndinawanyoza mumtima, ndipo ndikhulupirira kuti nawonso anandinyoza.

Mwana ali ndi masabata asanu kunabwera agogo. Anayenda masiku awiri kuchokera ku Bowe, atasenza dengu la mtedza, ndipo anayamba kutukwana mapiri asanapereke moni. Anali aafupi, khutu limodzi logontha, mphuno yakuda ndi fodya. Chibadwire changa sanandiimbirepo nyimbo kapena kundiuza kuti ndachita bwino. Mwana anamuyang'ana pang'ono n'kunena kuti makutu ndi a kuchimuna, pepani. Kenako maso awo anagwera pakhoma.

"Ichi n'chiyani, amunanga?" Paja kwathu agogo amamutchula choncho mwamuna wa mdzukulu wawo, ndipo amaloledwa kumunena chilichonse.

"Ndi ndandanda ya kuyamwa kwa mwana, agogo."

"Mwanayo amawerenga?"

"Ayi, koma amayi ake..."

"Amayi akenso kuwerenga kwake n'kokayikitsa. Ndiye wowerenga m'nyumba muno ndinu nokha. Inu mumayamwa?"

Amuna anga anaseka mwaulemu n'kuyamba kufotokoza, akuloza mabokosi ndi lula. Atafika pa mawu akuti kasanu, agogo anayetsemula fodya.

"Kasanu! Uyu," anandiloza ndi chibwano, "amake atafa, ndinkapita naye kwa mkazi wina wa kutsidya kwa dambo amene anali ndi khanda. Akalira, ulendo. Ndikabwerako, ndisanakhale pansi, ulendo. Njira ya m'dambo muja ndinaipanga ndine ndi mapazi awa. Mapeto ake ndinangosamukira komweko, kumagona m'khitchini mwa eni ngati galu. Kukanakhala kasanu bwenzi lero ndili ndi mawondo."

Nkhani imeneyo ndinali ndisanaimvepo. Sanainene kuti ndiwathokoze. Ankadandaula za mawondo.

"Zinthu zinasintha, agogo," anatero amuna anga. "Masiku ano kuli maphunziro."

"Kaya zanu izo. Tiyi alipo?"

Mawa lake agogo anandipeza m'bafa, nditakhala pamwala paja, mwana ali pabere. Anaima pakhomo pa mpanda manja ali m'chiuno.

"Ukuba?"

"Tsitsani mawu, agogo."

"Kuba mkaka wako womwe, pamalo pokodzera anthu. Ndinakulerera zimenezi?"

"Munandilerera kukhala chete."

"Ee, pakhomo pa eni. Pano ndi pa eni?"

Zimenezo sindinkazidziwadi.

Sabata yomweyo kunamveka kuti ku boma kubwera akuluakulu a chipani, ndipo amayi a dera lathu akavina. Belu la madzulo linayamba kulira tsiku ndi tsiku. Kunabwera nsalu zatsopano zokhala ndi nkhope ya Mtsogoleri, ndipo telala wa pa Kasakula anasoka mabulawuzi. Amayi atcheya anamuopseza kuti lumo lisadutse pankhopeyo, ndiye iye, pofuna kupulumutsa khosi lake, anaiika yathunthu pachifuwa pa bulawuzi iliyonse.

Za makanda analamula poyera. "Khanda silikwera lole. Nsaluyi ili ndi nkhope ya Mtsogoleri. Mwana akakodzera pamenepo, woyankha ndani? Ndi ine."

Choncho amayi onse a makanda anawachotsa pa mndandanda wa opita, kupatula ine.

"Inu, mayi aphunzitsi, mupita. Wanu ndi wophunzitsidwa. Pakati pa m'mawa ndi madzulo amangoyamwa kawiri. Ndikubwerekani botolo ndi mkaka wa m'chitini, agogo akewo amumwetsa. Ndikufuna anthu a ku boma aone mayi wa khanda la mwezi umodzi akuvina momasuka."

Bodza langa linali litandikola ndekha. Lole inkanyamuka m'mamawa, koma kubwera kwake kunalibe mwini. Aliyense ankadziwa kuti amayi amakhala padzuwa tsiku lonse kudikira akuluakulu, ndipo nthawi zina ankagona komweko, lole itapita kukatula a kwina. Botololo linabwera. Linali limene amayi atcheya anaphunzirira ku kosi pa chidole, nsonga yake ya labala itachita ming'alu. Tinayesa. Mwana analavula, n'kutembenuza mutu, n'kulira mpaka kufiira. Agogo ananunkhiza botololo n'kuliika pansi kutali ndi iwo. Ine ndinkangoona liwombo lija la tsiku lachitatu.

"Bambo," ndinatero madzulo ake, "mwanayu sangakhale tsiku lonse popanda ine."

Anayang'ana pakhoma. "Ndandanda ikuonetsa kuti angathe."

"Nanga nditakana kupita?"

"Mukakana, akafunsidwe ndi ine. Mukufuna ndizikaphunzitsa kundende?"

Mawu anafika pammero, oti ndiwauze zonse za m'bafa. Ndinawameza. Ndinali nditazolowera.

Tsiku lomaliza kuyeserera, loti mawa lake ndi ulendo, amayi atcheya analamula kuti tivale nsalu zatsopano, aone mmene tikaonekere. Belu loweruka litangolira ndinayamwitsa mwana mphindi zake zija, kenako amayi atcheya anatiitanira kunyumba kwawo. Kumeneko anatisunga masana onse, kusita, kuyesa mabulawuzi, kumanga ndi kumasula maduku mpaka onse apendekere mbali imodzi. Ndinapempha kupita kuseri, anati za kumeneko zidikire. Mwana anali ndi agogo. Pamene belu la madzulo linkalira, mabere anga anali atadzaza moti bulawuzi yatsopanoyo inkathina.

Tinapanga bwalo pabwalo la mpira. Ng'oma inayamba, chimtali chinagwira. Agogo anakhala patsinde pa mkuyu, pansi pa belu penipeni, mwana ali pamiyendo. Tinazungulira kamodzi, kawiri. Pozungulira kachitatu, nditafika moyang'anana ndi mkuyu, mwana analira. Mpaka imfa yawo agogo anakana kuti sanamutsine.

Mayi aliyense woyamwitsa amadziwa zimene zimachitika khanda lake likalira bere lili lodzaza. Ndinamva kunyerenyetsa kuchokera m'khwapa, ndipo mkaka unatsika. Unalibe chouletsa. Unayamba ngati kadontho pachipumi pa Mtsogoleri, n'kufalikira m'maso, n'kutsikira kuchibwano. Mayi amene anali pafupi nane anaona, n'kuphonya sitepe, n'kugundana ndi mnzake. Woimba ng'oma anakweza mutu, manja n'kuima.

"Mayi aphunzitsi!" Amayi atcheya anabwera chothamanga. "Chimenecho n'chiyani?"

"Mkaka, mayi."

Anayang'ana wotchi. Ndikunena zoona, anayang'ana wotchi. "Koma nthawi yake sinakwane!"

Wina kumbuyo anaphulika n'kudzigwira pakamwa.

"Phimbani! Vulani! Ayi, musavule pano!" Maso awo anathamangira kumsewu, kuona ngati anyamata a chipani ali pafupi. Kanali koyamba kuwaona akuchita mantha, ndipo ndinadziwa chimene ankaona m'mutu mwawo. Ankaona zomwezi zikuchitika mawa ku boma, pamzere wakutsogolo, akuluakulu ali pamipando, wina n'kufunsa kuti gulu limeneli mtsogoleri wake ndani.

Mwana anali akulirabe. Ndinatuluka m'bwalomo, osapempha, n'kukakhala pamuzu wa mkuyu. Agogo anandipatsa mwana osandiyang'ana. Ndinakweza bulawuzi, nkhope yonyowayo n'kupindikira pansi pa chibwano changa, ndipo mwana anagwira bere. Kumeza kwake kunkamveka, poti pabwalo ponse panali zii.

Amayi atcheya anaima patsogolo panga.

"Paja timati kasanu."

"Kasanu n'kolembedwa, mayi. Dzulo wayamwa kakhumi ndi kawiri. Dzana sindinawerenge."

"Kuti?"

"M'bafa. Kuseri kwa nkhokwe. Panjira ya kuchitsime. Usiku. Kamodzi pakhonde panu, inu mukundiphunzitsa kupinda matewera."

Sindinalankhulepo mawu ochuluka chotero pagulu chibadwire. Koma mawu anatuluka onse.

Pamenepo m'pamene amayi aja anaseka, kuseka kogwirana mapewa. Mmodzi wachikulire anati, "Ife timadabwa, masaya amenewo a kasanu?" Wina anati, "Tonsefe timadziwa." Anali olimba mtima kwambiri tsopano, poti wina anali atayamba kale. Kudziwa kwawoko kunali kuti masabata onse aja?

"Chete!" anakuwa amayi atcheya. Anatulutsa pepala la mayina m'chikwama, n'kudula langa ndi mzere. "Mawa simupita. Mungatichititse manyazi. Bulawuziyo mubweretse kwathu lero lomwe, ndichapa ndekha. Ndipo zimene zachitika pano zithere pano. Mwamva nonse?"

Anaganiza kuti andilanga. Ndinati, "Zikomo, mayi," ndipo ulendo umenewu mawuwo anachokera pansi pa mtima.

Zinatheradi pomwepo, kumbali ya chipani. Amayi atcheya sakanakanena kwina popanda kudzinenera okha. Koma kunyumba za aphunzitsi nkhani inafika ine ndisanafike. Ndinapeza amuna anga ataima patsogolo pa chipepala chawo, mabokosi onse ochongedwa bwinobwino.

"Ndiye zonsezi n'zabodza?"

"Zimene munachonga zonse anayamwadi, bambo. Zinazo sizinakwane papepala."

"Mwandichititsa manyazi pamaso pa ahedi."

"Mwana ali moyo."

"Ndani ananena kuti afa?"

Ndinafuna kuwauza za tsiku lachitatu, za thewera louma, za liwombo. Koma ndinaona kuti iwo tsiku limenelo ankalikumbukira ngati tsiku labwino, limene mwana wawo anaphunzira mwambo, ndiye ndinawasiya nalo. Sanandilankhule masiku anayi. Sanandibweze ku Bowe, mwina chifukwa agogo anali pakhonde akusenda mtedza n'kumawayang'ana. Teremu yotsatira ahedi anawachotsa ku Sitandade 6 n'kuwapatsa Sitandade 1 ya pansi pa mtengo, ndipo kwa zaka zambiri ankati chinawatsitsa ndi pakamwa panga. Chipepala chija anachichotsa pakhoma, n'kuchitembenuza, n'kulembapo zilembo zophunzitsira ana awo atsopanowo, poti mapepala anali osowa. Mwanayo anayamba kugona usiku wonse patapita miyezi yambiri, mano atamera, pa nthawi imene anafuna yekha. Bambo ake anauza anzawo kuti ndi chifukwa cha maziko a ndandanda ija.

Tsiku la ulendo lija lole inabwera m'mamawa monga ananenera. Ndinaimva ikulimbana ndi chitunda, amayi akuimba pamwamba, mawu a amayi atcheya ali pamwamba pa onse. Inadzabwerako mawa lake masana, amayi ali mbuu ndi fumbi, atagona m'kalasi ya ku boma ndi njala.

Ine tsiku la ulendolo ndinayala mphasa pakhonde, kutsogolo, poonekera mzere wonse wa nyumba. Mwana anayamwa dzuwa litangotuluka, anayamwanso ndisanamalize tiyi. Belu la buleki linalira iye ali m'tulo, ndipo sindinamudzutse. Anadzuka yekha patapita kanthawi, milomo ikufunafuna, kadzanja kali kukamwa. Agogo ankamanga dengu lawo, akukonzekera kubwerera ku Bowe, akudandaula kuti tiyi wa panyumba ya mphunzitsi shuga wake ndi wongoonetsa. Atandiona ndikumasula bulawuzi pakhonde pomwepo anaima kaye.

"Lero sukupita kubafa?"

"Ayi, agogo."

"Chabwino. Ndimafuna ndisambe."